N'chifukwa chiyani timagalimoto ting'onoting'ono ta ku Japan sitigulitsidwa ku America ndi ku Europe?

Funso: Ndakhala ndikuona pa intaneti timagalimoto ta ku Japan tooneka ngati bokosi, tokongola, tosamwa mafuta ambiri. Achimwene anga amakhala ku America ndipo akuti kumeneko ngakhale utapita ndi ndalama m'manja kwa ogulitsa Honda kapena Toyota, sungakapeze katsopano. Mnzanga wina ali ku Germany akunenanso zomwezo. Kodi makampaniwa safuna ndalama, kapena timagalimototi n'toopsa moti maboma anachita kuletsa?

Yankho: Mayi, zikomo chifukwa cha funso lanu. Ndiyambe ndi mbali yachiwiriyo, poti ndi imene anthu ambiri amaikhulupirira. Ku America kapena ku Germany kulibe lamulo lonena kuti galimoto ikachepa kufika pakutipakuti isagulitsidwe. Ndalamanso makampaniwa amazifuna ndithu, koma akakhala pansi n'kuwerengera amapeza kuti kagalimoto kotere kakawoloka nyanja kadya zambiri kuposa zomwe kangabweretse. Nkhani yagona apa: galimoto yaing'ono imapangidwa poyang'ana malamulo a dziko lake, misonkho yake, misewu yake ndi thumba la anthu ake. Mukaichotsa kwawo, zonse zimene zinkachititsa kuti kuigula kukhale kwanzeru zimatsalira konko, pomwe ndalama zoilowetsera m'dziko lachilendo zimakhala pafupifupi zofanana ndi za chigalimoto chachikulu.

Timagalimoto mwaonato ku Japan amati kei, kufupikitsa mawu akuti keijidosha, kutanthauza galimoto yopepuka. Boma la Japan linakhazikitsa gulu limeneli mu 1949, nkhondo itangotha kumene, dziko lili pa umphawi. Cholinga chinali chakuti anthu wamba ndi amalonda ang'onoang'ono apeze choyendera, komanso kuti mafakitale a m'dzikomo adzuke. Malire a kukula kwake akhala akusinthidwa, ndipo amene alipo panopa ndi a mu 1998: m'litali kasapitirire mamita 3.4, m'lifupi mamita 1.48, kupita m'mwamba mamita 2, ndipo injini isapose 660cc. Mphamvu ya injini makampaniwo anagwirizana okha kuti isadutse 64 horsepower. Pamsewu mumakazindikira ndi nambala puleti yake yachikasu.

Mukatenga timabuku ta Honda N-Box, Daihatsu Tanto ndi Suzuki Spacia n'kuyala patebulo, mupeza kuti onse atatu m'litali ndi mamilimita 3,395, m'lifupi 1,475. Makampani atatu opikisana, aliyense ndi akatswiri ake, koma onse anakaima pamalo amodzi, kutatsala mamilimita 5 okha kuti aphwanye lamulo. Apa mpamene mungaonere kuti kukula kwa kagalimotoka kanalembedwa ku ofesi ya boma, ndipo akatswiri a ku fakitale ntchito yawo yakhala yopezera munthu malo okwanira m'kati mwa malirewo. Kunena zoona anaigwira bwino. Tsiku limene ndinakwera N-Box koyamba ndinakhala kaye phee. Denga lili kutali moti mwana wamng'ono amatha kuimirira m'kati n'kusintha zovala. Zitseko zakumbuyo zimachita kutsetsereka ngati za minibasi, kuti zitseguke ngakhale mutaima pafupi ndi khoma. Thanki ya mafuta anaiika pansi pa mipando yakutsogolo kuti pansi pakhale posalala, ndipo munthu wokhala kumbuyo amatambasula miyendo kuposa m'magalimoto ambiri akuluakulu. Koma akuluakulu awiri mukakhala kutsogolo mapewa amatsala pang'ono kukhudzana, ndipo mukagwira chitseko m'mphepete mumamva kuti n'chopyapyala. Malo onse aja awapeza pokweza denga ndi kudula kwina kulikonse komwe akanatha kudula.

Tsono n'chiyani chimakopa munthu wa ku Japan kuti agule kotere? Choyamba ndi msonkho. Mwini kei amalipira ma yen 10,800 pachaka. Mnzake wa galimoto wamba ya injini yosapitirira 1,000cc amalipira 25,000, ndipo ikakhala ya pakati pa 1,000cc ndi 1,500cc amalipira 30,500. Msonkho wa kulemera kwa galimoto umene amalipira popita nayo koyezetsa, kumene iwo amati shaken, ndi wotsikanso. Pa zipata zolipirira m'misewu ikuluikulu kei ili ndi mtengo wakewake wocheperapo. Ndiye pali nkhani ya poimika. Ku Japan, kuti mulembetse galimoto wamba muyenera kutenga chikalata ku polisi chotsimikiza kuti muli ndi malo oigoneka, pomwe m'madera ambiri akumudzi mwini kei safunsidwa chikalata chimenechi. Onjezanipo timisewu topanikizana ta m'mizinda yakale, timene magalimoto awiri amachita kupatsana mpata kuti adutsane. Zonsezi zikaphatikizana, n'zosadabwitsa kuti pa magalimoto atsopano atatu aliwonse ogulitsidwa ku Japan, yoposa imodzi imakhala kei, ndipo N-Box yakhala ikutsogola pa malonda kwa zaka zingapo zotsatizana.

Tsopano kanyamuleni kagalimoto komweko mukakatsitse ku Germany. Kumeneko gulu la kei kulibe, choncho nambala yachikasu ija ndi zabwino zake zonse zatsala. Ndipo pali china chimene ambiri sachidziwa: kei yamakono si yotsika mtengo kwenikweni. Ku Japan komweko mtengo wa N-Box yatsopano susiyana kwambiri ndi wa Toyota Yaris, yomwe ndi yotakasuka, ya injini yaikulupo. Munthu wa ku Germany mukamuikira ziwirizi pa mtengo wofanana, popanda kusiyana kwa msonkho kooneka ndi maso, atenga Yaris. Akaganizanso za Autobahn, misewu ikuluikulu ya ku Germany, kumene m'zigawo zina kulibe malire a liwiro, ndiye nkhani yatheratu. Injini ya 660cc imatha kuyenda makilomita 100 pa ola, koma imakhala ikulira, ndipo kei anaimanga kuti isapitirire 140. Kabokosi katali, kopepuka, kopapatiza, chilole chikakadutsa pa liwiro mphepo yake mumaimva pa chiwongolero.

Makampani akafuna kugulitsa kei kunja, nthawi zambiri amayamba kaye aikulitsa. Suzuki Jimny ku Japan ilipo mitundu iwiri. Ina ndi kei ya 660cc. Inayo, yotchedwa Jimny Sierra, thupi ndi lomwelo, koma anaiika injini ya malita 1.5, matayala anawatalikitsa kutulukira kunja, n'kuiveka mabampala aakulu. Imene dziko lonse limaidziwa kuti Jimny ndi yachiwiriyi. Maruti 800 yomwe inayamba kupangidwa ku India mu 1983 inachokera ku Suzuki Alto, koma injini yake inali ya 796cc. Mitsubishi itafuna kugulitsa ku America kagalimoto kake kamagetsi ka i-MiEV mu 2011, inachita kukatalikitsa ndi masentimita oposa 25 ndi kukatakasa ndi masentimita pafupifupi 11 kuti kagwirizane ndi malamulo komanso matupi a anthu akumeneko. Ntchito yonseyo inagwiridwa, ndalama zinalowa, koma ogula anali ochepa kwambiri, ndipo pofika 2017 kanachotsedwa pamsika. Makampani ena anaona zimenezo ndipo sanaiwale.

Si Japan yokha imene ili ndi magalimoto obadwa ndi lamulo. Ku India, kuyambira mu 2006, galimoto yosapitirira mamita 4, ya injini ya petulo yosaposa malita 1.2 kapena ya dizilo yosaposa 1.5, inayamba kulipira msonkho wotsika. Zotsatira zake ndi magalimoto ngati Maruti Dzire, yotalika mamilimita 3,995, ya buti yooneka ngati anaidula ndi mpeni. Ku India ndi yanzeru. Kumene lamulo la mamita 4 kulibe, wogula amafunsa kuti buti yatsalayo ili kuti.

Tibwere ku America, kumene kuli achimwene anu, chifukwa kumeneko khoma ndi lalitali kwambiri. Padziko pali mabanja awiri akuluakulu a malamulo a kapangidwe ka galimoto. Banja loyamba linayamba ndi pangano lomwe linasainidwa ku Geneva mu 1958 pansi pa United Nations. Mayiko a m'panganoli amavomerezana kuti nyali, buleki kapena lamba zikayesedwa n'kuvomerezedwa m'dziko limodzi, enawo azilandira. Mayiko a ku Europe ali momwemo, ndipo Japan inalowa mu 1998. America sinalowe. Ili ndi malamulo akeake, omwe ndi banja lachiwiri, otchedwa FMVSS, ochokera ku lamulo la chitetezo cha pamsewu la mu 1966, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la NHTSA. Za utsi amaona ndi a bungwe lina, EPA, ndipo boma la California lili ndi zofuna zakezake pamwamba pa zimenezo.

Kusiyana kwake kumaoneka ngati kwa tinthu tating'ono, koma kalikonse kali ndi mtengo. Ku America galimoto iyenera kukhala ndi timagetsi ta m'mbali, tachikasu kutsogolo, tofiira kumbuyo. Ku Europe ma indiketa akumbuyo ayenera kukhala achikasu ndipo nyali ya chifunga yakumbuyo ndi yokakamiza, pomwe ku America indiketa yofiira ndi yololedwa ndipo nyali ya chifungayo safunsa. Kawalidwe ka nyali zakutsogolo n'kosiyana. Bampala ili ndi mayeso ake. Chachikulu kwambiri n'chakuti a ku America, poombetsa galimoto ku khoma, amayesanso ndi zidole zosamanga lamba. Kuti munthu wosamanga lamba atetezeke pamafunika airbag yaikulupo ndi potchingira mawondo pansi pa dashibodi, kutanthauza kuti mbali yonse yakutsogolo ya m'kati iyenera kuganiziridwanso. Sindinganene kuti malamulo a uku ndi abwino kuposa a uko. Onse amafuna kuti munthu atuluke wamoyo pangozi. Koma poti mayeso ake ndi osiyana, galimoto yomwe inakhoza bwino ku Tokyo kapena ku Brussels iyenera kukonzedwanso, kupangidwa zoyeserera zambirimbiri, n'kuziphwanya imodziimodzi. Kei ili ndi vuto linanso: inapangidwa ndi chiwongolero kumanja basi, poti ku Japan amayenda kumanzere kwa msewu. Kusamutsa chiwongolero kumakhudza dashibodi, mapedulo, mawaipa, nyali, ngakhale kayalidwe ka zinthu mu injini, ndipo m'kagalimoto komwe sentimita iliyonse ili kale ndi ntchito, imeneyi si ntchito yamasewera.

Apa ndikupempheni tichite masamu pang'ono, ndi manambala ongoyerekeza. Tinene kuti kukonza galimoto kuti ilowe pamsika watsopano kwadya madola 50 miliyoni. Kampani ikagulitsa 10,000 pachaka kwa zaka zisanu, ndiye kuti galimoto iliyonse yasenza madola 1,000 a ntchito imeneyo. Koma ikakhala SUV yoyenda malonda, yogulidwa 300,000 pachaka, iliyonse yasenza madola osakwana 40. Tsono kumbukirani kuti phindu la pa galimoto yaing'ono ndi lochepa kale. Kupanga kagalimoto sikutsika mtengo molingana ndi kuchepa kwake: kamafunabe injini, giyabokosi, matayala anayi, ma airbag, kompyuta, makamera, ndi anthu pafupifupi omwewo pa mzere wa m'fakitale. Chitsulo chokha ndicho chimachepa, ndipo chitsulo si chimene chimadya ndalama zambiri. Wogula naye safuna kumva zimenezo. Iye akaona galimoto yaing'ono amayembekezera mtengo waung'ono. Sitima yoinyamula ilipiridwe, msonkho wa padoko ulipiridwe, yen ikwere mphamvu chaka chimenecho, phindu lonse lapita.

Ndipo kugulitsa galimoto sikuthera pa tsiku lopereka makiyi. Pamafunika nyumba zosungira masipeyala, amakaniko ophunzitsidwa, mabuku omasuliridwa, chitsimikizo chokonza ulere ikawonongeka, ndi kukonzeka kuitanitsa magalimoto onse kuti abwerere kugalaja ngati papezeka cholakwika. Zonsezi ziyenera kukhalapo zaka zambiri pambuyo pogulitsa yomaliza. Daihatsu, kampani yomwe luso lake lonse lili pa magalimoto ang'onoang'ono, inayesa msika wa America n'kuchokako mu 1992, ndipo mu 2013 inasiya kugulitsa ku Europe konse. Suzuki inalengeza mu 2012 kuti ikusiya kugulitsa magalimoto ku America, ngakhale kuti ku India ndi imene ili patsogolo pa onse.

Kodi anthu a ku America amawafuna magalimoto ang'onoang'ono? Ena amawafuna ndi mtima wonse, koma mbiri ikuonetsa kuti ambiri amawakumbukira mafuta akakwera mtengo basi. Msonkho wa boma lalikulu la dziko lonse la America pa petulo ndi masenti 18.4 pa galoni, ndipo sunasinthe chiyambire 1993. Poyerekeza ndi ku Europe kapena ku Japan, mafuta kumeneko ndi otsika mtengo kwambiri, misewu ndi yotakasuka, poimika ndi pambalambanda, maulendo ndi ataliatali. Mu 2008, mafuta ataboola m'thumba, kagalimoto ka anthu awiri ka Smart kanalowa pamsika ndipo chaka chimenecho kanagulidwa pafupifupi 25,000. Mafuta atatsika, ogula anabalalika, ndipo mu 2019 Smart inachoka. Ford Fiesta inasiya kugulitsidwa kumeneko itatha 2019, Honda Fit ndi Toyota Yaris itatha 2020, Chevrolet Spark mu 2022, Mitsubishi Mirage itatha 2024. Awa anali magalimoto okhoza kale mayeso onse a ku America, aakulu kuposa kei, ndipo anachoka okha. Volkswagen Polo, yodziwika pafupifupi dziko lonse, sinagulitsidwepo ku America chiyambire.

Komabe sindikufuna muganize kuti zonse ndi kukonda kwa ogula, chifukwa pali mbali ina imene imandipweteka mtima. Malamulo ena omwe anaikidwa kuti achepetse kumwa mafuta anathera kukankhira makampani ku zimagalimoto zikuluzikulu. Ku America lamulo la CAFE, lomwe linayamba mu 1975, limauza kampani iliyonse mlingo wa mafuta omwe magalimoto ake ayenera kumwa. Cha mu 2011 anasintha kawerengedwe kake: mlingo wa galimoto iliyonse unayamba kudalira kukula kwa malo a pakati pa matayala ake anayi. Malowo akakhala aakulu, mlingo umafewa. Akakhala aang'ono, mlingo umalimba. Ma SUV ambiri ndi mapikiapu analinso m'gulu lawolawo la mlingo wofewerapo. Mutakhala inu mkulu wa kampani, mwaona kuti galimoto yaikulu imabweretsa phindu lalikulu, lamulo nalonso likuifewetsera, mungalimbane ndi kakang'ono?

Ku Europe kunachitikanso zofanana. Kuyambira 2020 kampani iliyonse inafunika kuti magalimoto ake atsopano, powerengera onse pamodzi, asatulutse utsi wa CO2 woposa pafupifupi magalamu 95 pa kilomita, ndipo chindapusa chinali ma euro 95 pa galamu iliyonse yopitirira, kuchulukitsa ndi chiwerengero cha magalimoto onse ogulitsidwa. Koma mlingowo unkasintha potengera kulemera: kampani ya magalimoto olemera inkaloledwa utsi wochulukirapo, ya opepuka inkapanikizidwa. Suzuki, yomwe magalimoto ake ndi opepuka, inachotsa Jimny ya mipando inayi pamsika wa Europe mu 2020, n'kuibwezanso pambuyo pake itachotsedwa mipando yakumbuyo kuti ilembedwe ngati yonyamula katundu. Kenako mu 2022 ndi 2024 kunabwera malamulo atsopano okakamiza kuti galimoto iliyonse yatsopano ikhale ndi zida monga buleki yodzigwira yokha ikaona chopinga, chochenjeza za liwiro ndi chothandiza kusaphonya mzere wa msewu. Zidazi zimapulumutsa miyoyo, ndipo ine ndimazivomereza. Koma mtengo wake ndi womwewo kaya mwaziika mu Mercedes kaya mu kagalimoto ka mphunzitsi wongoyamba ntchito, ndipo kakang'onoko n'komwe kamalemedwa. Peugeot 108 ndi Citroën C1 zinatha, Volkswagen up! inasiya kupangidwa mu 2023, ndipo mu July chaka chomwecho Ford Fiesta yomaliza inatuluka mu fakitale ya ku Cologne. Choncho mnzanu wa ku Germany sakusowa kei yokha. Ngakhale timagalimoto takwawo komweko tikutha. Amene amavutika ndi munthu wa ndalama zochepa, yemwe akanagula katsopano kotetezeka, koma tsopano akugula yakale ya zaka khumi ndi zisanu.

Pali nkhani ina ya msonkho imene ambiri akaimva koyamba sakhulupirira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, mayiko a ku Europe, makamaka West Germany ndi France, anakweza msonkho pa nkhuku zochokera ku America. Pulezidenti Lyndon Johnson anabwezera pokweza msonkho pa katundu wina wochokera kunja, kuphatikizapo wa 25 peresenti pa magalimoto ang'onoang'ono onyamula katundu, makamaka pofuna kukhaulitsa Volkswagen. Msonkhowo unayamba mu 1964, ndipo mbali ya magalimotoyo ilipobe mpaka lero, pomwe kwa zaka zambiri galimoto wamba yonyamula anthu inkalipira 2.5 peresenti yokha. Amautcha msonkho wa nkhuku. Makampani anayesa njira zouzembera. Subaru inamangirira mipando iwiri yapulasitiki kumbuyo kwa kapikiapu kake ka BRAT kuti kalembedwe ngati konyamula anthu. Ford inkabweretsa Transit Connect kuchokera ku Turkey ili ndi mipando yakumbuyo, ikangodutsa pa kasitomu n'kuizula, ndipo mu 2024 inavomera kulipira boma madola 365 miliyoni kuti mlanduwo uthe. Kapikiapu katsopano ka kei, komwe alimi a ku Japan amadalira, kakangofika padoko kakwera kale mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Nanga za ngozi? Apa funso lanu lili ndi mfundo yoona, ndipo sindikufuna kuipeputsa. Mu 1968 wamalonda wina, Malcolm Bricklin, anabweretsa ku America Subaru 360, kei yeniyeni. Inalowa mosavuta chifukwa pa nthawiyo galimoto yolemera mosakwana mapaundi 1,000, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 450, sinkakhudzidwa ndi malamulo a chitetezo. Chaka chotsatira magazini ya Consumer Reports inaiyesa n'kulengeza kuti ndi yosavomerezeka, ndipo malonda ake anagwa. Kei zamakono zili kutali kwambiri ndi kagalimoto kameneko. Zimaombetsedwa m'mayeso a ku Japan, zili ndi ma airbag ndi buleki yodzigwira yokha, ndipo zina zimapeza nyenyezi zisanu. Koma mayeso oombetsa galimoto ku khoma amakuuzani momwe ingachitire itagundana ndi inzake yolemera mofanana nayo. Mu 2009 bungwe la IIHS, lomwe limathandizidwa ndi makampani a inshuwalansi ku America, linaombetsa magalimoto awiriawiri a kampani imodzi maso ndi maso: Honda Fit ndi Accord, Toyota Yaris ndi Camry, Smart ndi Mercedes C-Class. Ang'onoang'ono onse atatu anali atakhoza bwino pa khoma, koma apa anachita moipa, ndipo Smart inanyamuka m'mwamba n'kuzungulira. Magalimoto awiri akagundana, yopepuka ndi imene imabwezedwa m'mbuyo, ndipo anthu a m'kati mwake ndi amene amalandira mphamvu yambiri. Kei yolemera makilogalamu 900 ili pakati pa anzake ku Japan. Pa msewu wa ku Texas ili pakati pa mapikiapu olemera kuiposa kawiri kapena katatu. Zimenezi zimabala vuto lina: aliyense amagula yaikulu poopa yaikulu ya mnzake, ndipo woyenda pansi ndi wa panjinga ndi amene amatsala pangozi.

Pali timagalimoto tina tomwe n'zoona kuti sitingadutse mayeso a kunja. Tata Nano ya ku India, yomwe inatuluka mu 2009 pa mtengo wa ma rupee 100,000, inalibe airbag, ndipo mu 2014 bungwe la Global NCAP litaiombetsa inapeza nyenyezi ziro pa chitetezo cha akuluakulu. Wuling Hongguang Mini EV ya ku China, yomwe inagulidwa ngati zitumbuwa itangotuluka mu 2020, nayonso poyamba inalibe airbag. Mtengo wotsika wa timagalimoto totere umachokera pa zinthu zomwe anasiya kuika. Mukaziikamo kuti kalowe ku Europe, mtengo womwe unakukopani uja wapita.

Chomwe achimwene anu angachite, ngati akafunadi, chilipo. Lamulo la mu 1988 limalola munthu kulowetsa ku America galimoto yosatsatira FMVSS ikakwanitsa zaka 25 chipangidwireni. Ku Canada ndi zaka 15. N'chifukwa chake masiku ano m'minda ndi m'matauni ang'onoang'ono a ku America mukupezeka timapikiapu ta Honda Acty, Suzuki Carry ndi Daihatsu Hijet ta zaka za m'ma 1990, tonyamula udzu, nkhuni ndi zida zomangira. Zaka 25 zimenezo amawerenga kuyambira mwezi womwe galimotoyo inapangidwa, choncho aonetsetse mwezi pa zikalata asanalipire. Adziwenso kuti akugula galimoto yakale, ya chitetezo cha nthawi imeneyo, nthawi zambiri yopanda airbag, ndipo m'timapikiaputi mawondo a woyendetsa ali pafupi kwambiri ndi bampala. N'koyenera kuyendera m'tauni ndi kumunda, osati pa msewu waukulu wa liwiro. Chiwongolero chili kumanja, liwiro likuwerengedwa m'makilomita, zolemba za pa dashibodi ndi za Chijapani, ndipo wailesi yake siigwira masiteshoni ambiri a kumeneko chifukwa ku Japan FM imayambira pa 76 MHz n'kuthera pansi pa pomwe masiteshoni ambiri a ku America amapezeka. Masipeyala ambiri azichita kuitanitsa n'kudikira.

Chomaliza, chomwe chagwetsa ambiri m'mavuto, ndi ichi: kulowetsa galimoto m'dziko ndi nkhani ya boma lalikulu, koma kuipatsa nambala yoyendera pamsewu ndi nkhani ya boma la dera. Madera ena amalembetsa kei popanda vuto, ena amailola m'misewu ya liwiro lotsika yokha, ndipo ena anafika polanda manambala omwe anapereka kale. Asanatumize ndalama ku Japan, achimwene anuwo apite ku ofesi yolembetsa magalimoto ya dera lomwe akukhala, atchule dzina la galimotoyo ndi chaka chake, afunse ngati ipatsidwe nambala, ndipo akavomera awapemphe kuti yankholo alilembe papepala. Akatero afunsenso kampani ya inshuwalansi ngati ingailandire.